Gilbert N. Lewis: katswiri yemwe adasandutsa malamulo a kutentha kukhala manambala ogwirira ntchito

Gilbert Newton Lewis adali katswiri wa sayansi ya kemisitiri wa m'dziko la America yemwe adabadwa m'chaka cha 1875 ndi kumwalira mu 1946. Ophunzira ambiri a kusekondale amakumana ndi nzeru zake akamajambula timadontho toimira maelekitironi mozungulira chilembo cha atomu. Komatu ntchito yomwe idamudyera zaka zambiri, imenenso mafakitale ndi malabotale akudalira mpaka lero, ili m'gawo la sayansi lotchedwa thermodynamics, lomwe limaunika za kutentha, mphamvu komanso momwe zinthu zimasandukira kukhala zinthu zina.

Lewis sindiye adatulukira malamulo a gawoli. Iye adawapeza atalembedwa kale ndi akatswiri omwe adamutsogolera. Chomwe adachita ndi kuwachotsa m'masamu ovuta omwe anthu ochepa okha ankawamvetsa, n'kuwasandutsa njira zoyezera ndi manambala oti munthu wa mu labotale kapena m'fakitale angathe kugwirira ntchito. Ntchitoyi idamutengera zaka zoposa 20 ndipo idafika pachimake ndi buku lomwe lidatuluka m'chaka cha 1923.

Funso lomwe lidasautsa akatswiri

M'zaka za m'ma 1800, akatswiri ankafuna kudziwa chomwe chimachititsa kuti makemikolo ena akasakanizidwa asanduke chinthu chatsopano pomwe ena sasintha n'komwe. Funsoli silidali la m'kalasi mokha. Mwini fakitale yemwe akufuna kupanga asidi, sopo kapena feteleza amayenera kudziwiratu ngati zomwe akulingalirazo n'zotheka asadataye ndalama pomanga ng'anjo ndi kugula makina.

Julius Thomsen wa ku Denmark ndi Marcellin Berthelot wa ku France ankaphunzitsa kuti kusintha kulikonse kochitika kokha kumatulutsa kutentha, monga zimachitira nkhuni zikamayaka. Ganizoli lidali loona pa zinthu zambiri koma osati pa zonse. Feteleza wa urea akathiridwa m'madzi amasungunuka yekha, koma madziwo amazizira m'malo motentha. Madzi oundana nawo amasungunuka okha m'chipinda chofunda kwinaku akuyamwa kutentha. Zitsanzo zoterezi zidaonetsa kuti kutentha pakokha sikungalosere komwe zinthu zilowere.

Yankho lenileni lidachokera kwa Josiah Willard Gibbs wa pa yunivesite ya Yale ku America, mu zomwe adalemba pakati pa 1875 ndi 1878. Gibbs adaonetsa kuti pali zinthu ziwiri zofunika kuziyika pa sikelo: kutentha komwe kumatuluka kapena kulowa, ndi entropy, yomwe ndi muyeso wa momwe mphamvu ndi tizigawo ta chinthu tamwazikira. Ziwirizi zikaphatikizidwa m'masamu zimapereka nambala imodzi yomwe lero imatchedwa free energy. Ngati nambalayi ikutsika, kusinthako kungathe kuchitika kokha. Ngati ikukwera, sikungachitike pokhapokha wina ataikapo mphamvu yochokera kunja. Ikafika poti singatsikenso, kusinthako kumaima ndipo zinthu zakale ndi zatsopano zimakhalira limodzi pa mlingo wokhazikika.

Ngakhale nzeruyi idali yozama, idatenga nthawi kuti ithandize anthu. Gibbs adasindikiza zolemba zake m'magazini ya bungwe la sayansi la ku Connecticut yomwe inkawerengedwa ndi anthu ochepa, ndipo kalembedwe kake kadali ka masamu okhaokha. Zolembazo zidamasuliridwa m'Chijeremani mu 1892 ndi Wilhelm Ostwald. Vuto lalikulu koposa lidali lakuti padalibe ndandanda yodalirika ya manambala a free energy ya makemikolo enieni. Lamulo lidalipo, koma zolidyetsera padalibe. Apa ndi pomwe Lewis adalowera.

Ubwana ndi maphunziro

Lewis adabadwira ku Weymouth m'chigawo cha Massachusetts mwezi wa Okutobala 1875. Bambo ake adali loya. M'chaka cha 1884 banjali lidasamukira ku Lincoln m'chigawo cha Nebraska. Maphunziro ake ambiri oyambirira adawalandirira pakhomo kuchokera kwa makolo ake. Ataphunzira zaka ziwiri pa yunivesite ya Nebraska, adapita ku yunivesite ya Harvard mu 1893 komwe adalandira digiri yoyamba mu 1896.

Ataphunzitsa chaka chimodzi pa sukulu ya Phillips Academy ku Andover, adabwerera ku Harvard kukachita kafukufuku pansi pa Theodore William Richards, katswiri wodziwika ndi kuyeza kulemera kwa maatomu mosamalitsa, yemwe pambuyo pake adapata mphoto ya Nobel ya chaka cha 1914. Lewis adalandira digiri ya udokotala mu 1899 atafufuza za mphamvu ya magetsi yomwe zitsulo za zinc ndi cadmium zimapereka zikasakanizidwa ndi mercury.

Masiku amenewo likulu la sayansi ya kemisitiri lidali dziko la Germany. Choncho Lewis adapita kumeneko kukasula luso lake kwa Ostwald ku Leipzig ndi kwa Walther Nernst ku Göttingen. Ubale wake ndi Nernst sudayende bwino, ndipo m'zaka zotsatira Lewis sankaopa kuloza poyera zolakwika zomwe ankapeza m'zolemba za mkuluyu. Kusamvanaku kudamutsata moyo wake wonse.

Atabwerako adaphunzitsa ku Harvard kwa zaka zitatu. M'chaka cha 1904 adalowa ntchito ya boma ku Manila m'dziko la Philippines, lomwe panthawiyo linkalamulidwa ndi America. Kumeneko adali mkulu woyang'anira masikelo ndi miyeso, komanso katswiri wa kemisitiri mu nthambi ya boma yoona za sayansi. Adakhalako chaka chimodzi chokha, koma sadasiye kafukufuku wake. Mu 1905 adaitanidwa ndi Arthur Amos Noyes ku sukulu ya Massachusetts Institute of Technology, yodziwika ndi dzina lakuti MIT, komwe adakwezedwa kukhala pulofesa mu 1911.

Mawu awiri atsopano: fugacity ndi activity

Malamulo osavuta omwe akatswiri ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo ankayenda bwino pa mpweya wosapanikizidwa kwambiri ndi pa madzi okhala ndi mchere pang'ono chabe. Mpweya ukapanikizidwa mwamphamvu, kapena mchere ukachuluka m'madzi, zotsatira za mu labotale zinkasiyana ndi zomwe masamu adalosera. Chifukwa chake n'chakuti tizigawo ta chinthu tikayandikana timakokana kapena kukankhana, zomwe malamulo osavutawo sankaziwerengera. Koma mafakitale enieni amagwira ntchito ndi mpweya wopanikizidwa ndi madzi a mchere wambiri.

Lewis adaona kuti kutaya malamulo osavutawo kukadasokoneza ntchito ya anthu ambiri. M'malo mwake adasankha kuwasunga momwe adalili koma kusintha nambala yomwe imaikidwamo. M'chaka cha 1901 adayambitsa ganizo la fugacity, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuthawa. Fugacity ndi muyeso wa momwe chinthu chikufunira kuchoka pomwe chili kupita kwina, monga madzi kusanduka nthunzi. Chinthu chimayenda kuchoka komwe fugacity yake ili yokwera kupita komwe ili yotsika, ndipo chimaima mbali ziwirizo zikafanana. Pa mpweya wosapanikizidwa, fugacity imafanana ndi kupanikizika komwe makina amaonetsa. Pa mpweya wopanikizidwa kwambiri ziwirizi zimasiyana, ndipo fugacity ndiyo imapereka yankho lolondola.

M'chaka cha 1907 adawonjezera ganizo lachiwiri lotchedwa activity, lomwe limathandiza kwambiri pa zinthu zosungunuka m'madzi. Activity imaonetsa kuchuluka kwa chinthu malinga ndi momwe chikugwirira ntchito, osati malinga ndi momwe chidayezedwera pa sikelo. Titha kuyerekeza ndi ofesi yomwe ili ndi antchito 100 m'kaundula, koma chifukwa cha kuthithikana ntchito yomwe ikutuluka ndi ya anthu 78. Wokonza mapulani yemwe adalira nambala ya m'kaundula adzalakwitsa. Momwemonso mchere wa pakhomo wolemera pafupifupi magalamu 6 ukasungunuka mu lita imodzi ya madzi umachita zinthu ngati kuti ulipo magawo 78 okha pa magawo 100 alionse. Nambala yowongolerayo, yomwe pa chitsanzochi ndi 0.78, imatchedwa activity coefficient, ndipo imapezeka poyeza mu labotale.

Gawo lachitatu la ntchitoyi lidadza mu 1921. Mchere ukasungunuka umagawanika kukhala tizigawo tonyamula magetsi totchedwa ma ion. Atasanthula zotsatira za kafukufuku wambiri, Lewis ndi mnzake Merle Randall adapeza kuti m'madzi a mchere wochepa, khalidwe la ion iliyonse limadalira nambala imodzi yomwe adaitcha ionic strength. Powerengera nambalayi, ion yonyamula magetsi owirikiza kawiri imawerengedwa kanayi kuyerekeza ndi yonyamula magetsi amodzi. Awiriwa adapeza lamuloli pongoyang'anitsitsa manambala. Patangopita zaka ziwiri, mu 1923, Peter Debye ndi Erich Hückel adafotokoza chifukwa chake kudzera m'masamu a fizikisi, ndipo nambala yomweyo ya Lewis ndi Randall idatulukira m'masamu awo.

Zaka za kuyeza

Maganizo atsopanowa akadakhala opanda phindu pakadapanda manambala. Choncho kuyambira ali ku MIT, Lewis adayamba ntchito yotopetsa yopeza free energy ya makemikolo mmodzimmodzi. Ankagwiritsa ntchito njira zingapo. Ina idali kuyeza mphamvu ya magetsi yomwe makemikolo amatulutsa akaikidwa ngati batire. Ina idali kusakaniza zinthu, kudikira mpaka kusintha kutaima, kenaka n'kuyeza kuchuluka kwa chilichonse. Adatenganso zotsatira zomwe akatswiri ena adasindikiza kale, n'kuziwerengeranso pofuna kusiyanitsa zodalirika ndi zolakwika.

Zina mwa zomwe adayeza zidali zovuta kwambiri. Zitsulo monga sodium, potassium ndi lithium zimalimbana ndi madzi mwaukali, kotero sizikadatheka kungoziviika m'madzi n'kuziyeza. Lewis ndi anzake adapeza njira yodzera pozisakaniza ndi mercury. Ndi Charles Kraus adayeza mphamvu ya magetsi ya sodium mu 1910, ndipo ndi Frederick Keyes adayeza ya potassium mu 1912 ndi ya lithium mu 1913. Mphamvu yaikulu ya lithium yomwe idaoneka pamenepo ndiyo imachititsa kuti chitsulochi chikhale mtima wa mabatire a mafoni a m'manja ndi galimoto zoyendera magetsi, ngakhale mabatirewo adapangidwa ndi anthu ena patapita zaka zambiri. Mu 1912, pamodzi ndi George Burrows, adasindikizanso kafukufuku wa free energy ya urea.

Ubwino wa ndandanda yotere ndi wakuti manambala ake amaphatikizika ngati a mu buku la ndalama. Munthu akadziwa free energy ya zinthu zomwe akuyamba nazo ndi ya zinthu zomwe akufuna kupanga, amangochotsera n'kudziwa ngati kusinthako n'kotheka, ngakhale kutakhala kuti palibe adakuyesapo. Manambala a zinthu 100 angayankhe mafunso zikwizikwi. Kuti izi zitheke pamafunika kuti aliyense ayezere pa mlingo umodzi, ndipo Lewis ndi Randall adatsatira madigiri 25 pa sikelo ya Celsius, womwe ndi mlingo umene mabuku ambiri akugwiritsabe ntchito.

Nkoyenera kudziwa malire a nzeruyi. Free energy imanena ngati kusintha kungatheke, koma sinena kuti kutenga nthawi yaitali bwanji. Mpweya wa haidrojeni ndi wa okosijeni ukapanga madzi, free energy imatsika kwambiri, komabe mipweya iwiriyi ingathe kukhala m'botolo limodzi kwa zaka popanda kusintha mpaka patagwa kamoto. Phindu la nambalayi ndi kuuza katswiri ngati kufunafuna njira yofulumizitsira kusinthako kuli ndi tsogolo kapena ndi kutaya nthawi.

Utsogoleri wake ku Berkeley

M'chaka cha 1912 yunivesite ya California ku Berkeley idamusankha kukhala mkulu wa koleji ya kemisitiri. Nthawi imeneyo kolejiyi sidali ndi mbiri yaikulu pa kafukufuku. Lewis adavomera udindowu atalonjezedwa ufulu wosankha yekha aphunzitsi, ndalama zowonjezera ndi malo atsopano ogwirira ntchito. Adabwera ndi William Bray, Richard Tolman ndi Merle Randall, ndipo mu 1913 kudafika Joel Hildebrand ndi George Ernest Gibson. Nyumba yatsopano ya Gilman Hall idatha kumangidwa mu 1917.

Kayendetsedwe kake ka kolejiyi kadali kosiyana ndi ka m'malo ambiri. Sadafune kuti aphunzitsi adzigawe m'timagulu tosalankhulana, koma kuti aliyense athe kukambirana za gawo lililonse la kemisitiri. Aphunzitsi akuluakulu ankatenga nawo mbali pophunzitsa ophunzira a chaka choyamba mu labotale. Ophunzira a digiri zapamwamba ankayamba kafukufuku msanga m'malo motaya zaka akumvera maphunziro a m'kalasi. Sabata iliyonse kunkakhala msonkhano wa kafukufuku womwe iye mwini ankautsogolera, pomwe mphunzitsi ndi wophunzira yemwe ankayenera kuteteza zotsatira zake pamaso pa anzake.

Ntchitoyi idadukizidwa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. M'chaka cha 1918 Lewis adali ku France ndi asilikali a America, komwe adatsogolera gawo loteteza asilikali ku mpweya wa poizoni ndi kuphunzitsa maofesala za chitetezocho. Adafika pa udindo wa lieutenant colonel ndipo maboma a America ndi France adamupatsa mendulo za ulemu.

Lamulo lachitatu ndi buku la 1923

Nkhani ina yomwe gulu la ku Berkeley lidalimbana nayo idali ya entropy pa kuzizira kotheratu, komwe ndi madigiri 273.15 kunsi kwa ziro pa sikelo ya Celsius. Mu 1906 Nernst adapereka ganizo lomwe lidadzakhala lamulo lachitatu la thermodynamics. Lamuloli lidali lofunika chifukwa likakhala loona, free energy ingawerengedwe pongoyeza kutentha kokha, ngakhale pa zinthu zomwe sizingayezedwe ndi njira zina.

Lewis ndi Gibson adaliyesa lamuloli ndi manambala ndipo adaona kuti silikhudza zinthu zonse mofanana. Kafukufuku wa Gibson ndi wophunzira wake William Giauque pa mankhwala a glycerol adaonetsa kuti chinthu chikauma ngati galasi, tizigawo take tisadandandalike bwino, chimatsala ndi entropy ngakhale chizizire chotani. Motero Lewis ndi Randall adalilemba lamuloli mosamala, kuti entropy imafika pa ziro pa zinthu zokhazo zomwe tizigawo take tandandalikana mwangwiro. Umu ndi momwe mabuku ambiri amaliphunzitsira lero.

Zonsezi zidasonkhanitsidwa m'buku la Thermodynamics and the Free Energy of Chemical Substances lomwe Lewis ndi Randall adatulutsa mu 1923. Bukuli lidafotokoza malamulo m'chilankhulo chomwe katswiri wa kemisitiri angamve, lidaonetsa ndi zitsanzo momwe manambala amawerengedwera, ndipo lidapereka ndandanda ya free energy ya zinthu zoposa 100. Lidamasuliridwa m'Chijeremani ndi Otto Redlich mu 1927, zomwe zidasonyeza kuti dziko lomwe Lewis adakaphunzirako tsopano lidayamba kuphunzira kwa iye. Mu 1961 Kenneth Pitzer ndi Leo Brewer, onse a ku Berkeley, adalikonzanso n'kulitulutsa kachiwiri.

Ntchito zina za katswiriyu

Lewis sadali munthu wa gawo limodzi. Mu 1916 adalemba kuti maatomu awiri amagwirana pogawana maelekitironi awiri, ndipo adayambitsa kajambulidwe ka timadontho komwe kamadziwika ndi dzina lake. Ganizoli lidafalitsidwa kwambiri ndi Irving Langmuir kuyambira mu 1919, zomwe zidautsa mkangano pa za mwini wake weniweni. Mu 1923, chaka chomwecho cha buku la thermodynamics, Lewis adatulutsanso buku la Valence and the Structure of Atoms and Molecules, momwe adaperekamo tanthauzo latsopano la asidi ngati chinthu cholandira maelekitironi awiri kuchokera kwa chinzake.

Mu 1926 adayambitsa kutchuka kwa dzina lakuti photon, lomwe lero limaimira kachigawo kochepetsetsa ka kuwala. Harold Urey, yemwe adalandira digiri ya udokotala ku Berkeley mu 1923, atatulukira mtundu wolemera wa haidrojeni wotchedwa deuterium mu 1931, Lewis adakhala woyamba kupanga madzi olemera osasakanikirana ndi madzi wamba mu 1933, ndipo adafufuza momwe madziwo amakhudzira mbewu ndi zamoyo zina. M'zaka zake zomaliza adafufuza za kuwala komwe zinthu zina zimapitiriza kutulutsa nyali itazimitsidwa, ndipo mu 1944 iye ndi wophunzira wake Michael Kasha adafotokoza gwero la kuwalako.

Mphoto yomwe sadalandire

Dzina la Lewis lidaperekedwa ka 41 ku komiti ya mphoto ya Nobel koma sadapate mphotoyo. Wolemba mbiri ya sayansi Patrick Coffey, m'buku lake la Cathedrals of Science la mu 2008, adaonetsa kuti Wilhelm Palmaer, membala wa komitiyo yemwe adali bwenzi la Nernst, adalemba malipoti onyoza ntchito ya Lewis ya thermodynamics. Padalinso ganizo lakuti ntchitoyo idali yokonza ndi kulongosola zomwe ena adatulukira kale, osati kutulukira chinthu chatsopano. Nernst adapata mphoto ya chaka cha 1920, Langmuir ya 1932 ndipo Urey ya 1934.

Komabe anthu omwe adadutsa m'koleji yomwe iye adaimanga adakolola mphotozi motsatizana. Giauque adapata mu 1949 kamba ka kafukufuku wa thermodynamics pa kuzizira kwambiri. Glenn Seaborg, yemwe adali wothandizira Lewis mu labotale kuyambira 1937 mpaka 1939, adapata mu 1951, ndipo chitsulo cha plutonium chidazindikiridwa koyamba ndi gulu lake mu Gilman Hall momwemo mu Febuluwale 1941. Willard Libby adapata mu 1960, Melvin Calvin mu 1961 ndipo Henry Taube mu 1983. Lewis mwini adalandira ulemu wina, kuphatikizapo mendulo ya Willard Gibbs mu 1924 ndi ya Davy yochokera ku bungwe la Royal Society ku London mu 1929.

Adatula pansi udindo wotsogolera kolejiyi mu 1941 koma adapitiriza kafukufuku. Pa 23 Malichi 1946 adapezeka atamwalira mu labotale yake ali ndi zaka 70. Tsikulo ankagwira ntchito ndi mankhwala a poizoni a hydrogen cyanide omwe adapezeka atatayikira m'chipindamo, koma lipoti la boma lidati adamwalira ndi matenda a mtima. Nyumba ya Lewis Hall pa yunivesiteyi, yomwe idamangidwa mu 1948, imatchedwa ndi dzina lake.

Komwe nzeru zake zikugwira ntchito lero

Ntchito yosonkhanitsa manambala yomwe Lewis adaiyamba ndi anzake ochepa idadzakhala udindo wa boma. Frederick Rossini, yemwe adaphunzira pansi pa Randall ku Berkeley, adatsogolera ntchitoyi ku National Bureau of Standards, bungwe la boma la America loona za miyeso, lomwe mu 1952 lidatulutsa ndandanda yaikulu ya manambala a thermodynamics. Bungweli lidasintha dzina mu 1988 kukhala National Institute of Standards and Technology. Masiku ano manambala oterewa amasungidwa m'makompyuta ndipo mainjiniya amawagwiritsa ntchito pokonza mapulani a mafakitale.

Chitsanzo chapafupi ndi feteleza. Urea yemwe alimi m'dziko muno amathira ku chimanga amapangidwa kuchokera ku amoniya, yemwe amapezeka pophatikiza nayitrojeni wa mu mpweya ndi haidrojeni. Njirayi idatulukiridwa ku Germany ndi Fritz Haber ndi Carl Bosch, ndipo fakitale yoyamba idatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Koma popeza ntchitoyi imachitika mpweya utapanikizidwa kuposa ka 100 kuyerekeza ndi mpweya womwe timapuma, mainjiniya amadalira fugacity powerengera amoniya yemwe angatuluke. Momwemonso zimakhalira m'mafakitale oyenga mafuta a galimoto ndi oika gasi wophikira m'masilinda.

Muyeso wa pH, womwe akatswiri a zaulimi amayezera asidi m'nthaka ndipo mabungwe ogawa madzi amayezera madzi akumwa, udayambitsidwa ndi Søren Sørensen wa ku Denmark mu 1909, koma tanthauzo lake lovomerezeka lero limatsamira pa activity ya ma ion a haidrojeni. Pa kasungidwe ka chakudya, katswiri wa ku Australia William James Scott adaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti tizilombo towoletsa chakudya timadalira activity ya madzi, osati kuchuluka kwa madziwo. Mabakiteriya ambiri sakula nambalayi ikatsika kupitirira 0.91, ndipo pansi pa 0.60 palibe kachilombo kapena nkhungu yomwe imakula. Ichi n'chifukwa chake nsomba yothiridwa mchere kapena youmitsidwa padzuwa imakhalitsa, komanso chimanga chosauma bwino chimachita chuku m'nkhokwe.

Pa zachilengedwe, Donald Mackay wa ku Canada adaonetsa mu 1979 kuti fugacity ingathandize kulosera komwe mankhwala ophera tizilombo amathera akatayika, kaya ndi mu mpweya, m'madzi, m'matope kapena m'matupi a nsomba. Pitzer naye mu 1973 adatulutsa masamu owerengera activity m'madzi a mchere wambiri monga a m'nyanja zikuluzikulu ndi a m'migodi.

Mbiri ya Lewis ili ndi phunziro kwa omwe amagawa ndalama za kafukufuku ndi kuyendetsa mabungwe a boma. Komiti ya Nobel idaona ntchito yake ya thermodynamics ngati yosakwanira mphoto, pomwe ndiyo idachititsa kuti lamulo lomwe lidakhala m'mabuku kwa zaka zoposa 40 lifike m'manja mwa anthu ogwira ntchito. Zomwe zidafunika kuti izi zitheke zidali zida zoyezera, mlingo umodzi womwe onse adagwirizana, anthu ophunzitsidwa bwino komanso bungwe lomwe lidalola kuti ntchito imodzi ipitirire kwa zaka zoposa 20 isadabale zipatso zooneka.